Galu akamatsokomola usiku musathamangire kunena kuti wameza fupa

Mlimi mukamufunsa kuti atchule ziweto zake amayamba ndi ng'ombe ngati ali nazo, kenaka mbuzi, nkhumba, nkhuku mpaka nkhunda. Galu ndi mphaka sawatchula. Komatu galu ndiye amachezera pakhomo pa khola ife tili mtulo, ndiye amapirikitsa anyani chimanga chikayamba kukhwima, ndipo mphaka ndiye mlonda wa matumba athu kwa makoswe. Antchito awiriwa salandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo akadwala ambiri a ife timangoti adya udzu achira okha. Sabata ino, alimi anzanga, ndati tikambirane za matenda a mtima mwa agalu ndi amphaka, chifukwa ndaona kuti timawazindikira mochedwa, ndipo nthawi zina chiweto chikafa nawo anthu oyandikana nyumba amasiya kupalana moto.

Mtima wa galu kapena mphaka uli ndi zipinda zinayi ngati wa munthu, ndipo ntchito yake ndi kupopa magazi basi. Mbali ya kumanja imapopera magazi ku mapapo kuti akatenge mpweya wabwino, pamene ya kumanzere imawalandira kuchokera ku mapapoko n'kuwakankhira m'thupi lonse. Pakati pa zipindazi pali titseko timene timalola magazi kuyenda njira imodzi yokha osabwerera m'mbuyo. Amene anatungapo madzi pamjigo wotha malabala andimvetsa msanga. Mumapopa mpaka thukuta kamukamu koma ndowa osadzaza, chifukwa madzi ambiri akubwerera pansi. Mtima wodwala nawo umatero. Umagunda mofulumira pofuna kukwaniritsa ntchito, koma magazi amatsalira m'mbuyo, ndipo mapeto ake madzi amatuluka m'mitsempha n'kudikha m'mapapo kapena m'mimba. Chiweto chotere chimakhala ngati chikumira chili pamtunda.

Madokotala a ziweto amati mwa agalu 4 alionse odwala mtima, 3 vuto lawo limakhala pa kachitseko ka mbali ya kumanzere kamene pachingerezi amati mitral valve. Kachitseko kameneka kamakhuthala ndi kupindika galu akamakalamba, makamaka akadutsa zaka 7 kapena 8, ndipo agalu a matupi ang'onoang'ono ndiwo amavutika nako kwambiri. Agalu akuluakulu achizungu monga Doberman ndi Great Dane ali ndi vuto lawolawo: mnofu wa mtima umafooka n'kutamuka ngati chubu chakale cha njinga, moti ena amangogwa n'kufa asanaonetse chizindikiro chilichonse. Matenda awiri onsewa kawirikawiri amakhala akumtundu. Choncho inu amene mukugula ana agalu achizungu oti azilondera golosale kapena chigayo, muzifunsa ngati make ndi bambo wake ali moyo, ndipo ngati anafa, anafa ndi chiyani ali ndi zaka zingati. Wogulitsa akayamba kuzungulira, ndalama zanu zibwerere m'thumba.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndikuonjezerapo kuti satsokomolanso pachabe. Koma chizindikiro choyamba sichikhala chifuwa ai, chimakhala ulesi wachilendo. Galu amene ankakutsogolerani popita kudimba amayamba kutsalira, amagona pamthunzi uliwonse, ndipo akathamanga pang'ono phuma limachedwa kutsika. Kenaka kumabwera kutsokomola kouma, kawirikawiri usiku kapena m'bandakucha, kumene kumathera ngati akufuna kusanza koma osatuluka kanthu. Usiku sakhazikika, amadzuka pano n'kukagona apo, mwina amangokhala tsonga atatambasula khosi ndi kutangadza miyendo yakutsogolo kuti mpweya ulowe. Ena amakomoka kwa masekondi ochepa akasangalala kapena akauwa kwambiri, n'kudzuka ngati palibe chachitika. Matenda akafika patali mimba imatupa ndi madzi pamene msana ndi nthiti zikuonekera. Apa ambiri amathamangira mankhwala a njoka za m'mimba. Kwa kamwana ka galu kotupa mimba ganizo la njoka ndi labwino, koma kwa galu wa imvi kukamwa, mimba yolendewera yotere nthawi zambiri ndi mtima kapena chiwindi. Sikutinso chifuwa chilichonse ndi mtima. Galu wamng'ono wotsokomola, wa mafinya m'maso ndi m'mphuno, ali ndi matenda ena opatsirana ndipo apatulidwe kwa anzake.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani mogwada. Galu akamachita ngati watsamwa, musapise dzanja kukamwa kwake kuti mukachotse fupa. Chiwewe, makamaka chija chimene galu salusa koma amangofooka nsagwada n'kumatuluka dovu, chimaoneka ndendende ngati fupa laima pakhosi, ndipo malovu ake akalowa pabala la padzanja lanu mwalowa m'mavuto aakulu. Zonse zimene nditi ndinene zokhudza kugwira galu ndi za galu wanu, womudziwa, amene analandira katemera wa chiwewe ndipo khalidwe lake silinasinthe mwadzidzidzi. Ngati galu wokayikitsa wakulumani kapena malovu ake akhudza bala, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono njira yoyezera imene ine ndimaikonda kuposa zonse silira ngakhale tambala imodzi. Dikirani galu kapena mphaka agone tulo tofa nato pamalo pozizira bwino, osati masana dzuwa lili paliwombo pamene akupuma wefuwefu lilime lili panja, osatinso pamene akulota n'kumapalasa miyendo. Yang'anani nthiti zake. Zikakwera n'kutsika, kumeneko ndi kupuma kumodzi. Werengani kwa masekondi 30 pa wotchi kapena pa foni, ndipo chimene mwapezacho muchulukitse kawiri. Chiweto cha mtima wabwino chikagona chimapuma kosafika ka 30 pamphindi, ndipo zambiri zimapuma pakati pa ka 15 ndi ka 25. Chitani izi masiku atatu kapena anayi otsatizana chiwetocho chidakali bwino, mulembe kuseri kwa kalendala, kuti mudziwe nambala yake ya masiku onse. Ntchito imeneyi ana asukulu amaikonda, apatseni. Tsiku limene mudzapeze kuti galu amene ankapuma ka 18 wapuma ka 34 usiku uno, ka 38 mawa lake, dziwani kuti mwina madzi ayamba kulowa m'mapapo, ngakhale iye akudya ndi kugwedeza mchira ngati kale. Nambalayi imakwera zizindikiro zina zisanaonekere poyera, n'chifukwa chake madokotala amauza aliyense wosunga galu wodwala mtima kuti aziwerenga. Ikadutsa 40 ndipo mimba nayo ikukankha popuma, musadikire tsiku la msika.

Kugunda kwa mtima mungakumve poika chikhatho pachifuwa kumanzere, kuseri kwa chigongono cha mwendo wakutsogolo. Galu wamkulu thupi akamapumula mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pamphindi, wamng'ono thupi mpaka ka 140, pamene wa mphaka umathamanga pakati pa ka 140 ndi ka 220. Musadabwe mukamva kuti mtima wa galu ukufulumira akamakoka mpweya n'kuchedwa akamautulutsa. Galu wathanzi amatero. Choopsa ndi mtima wothamanga mosalekeza galu ali phee, kapena wogunda mosokonekera ngati ng'oma ya wophunzira kumene. Mukatero kwezani mlomo wam'mwamba muone nkhama. Zabwino zimakhala zofiirira, ndipo mukadina ndi chala mtundu umabwerera masekondi 2 asanathe. Zotuwa ngati phulusa kapena zooneka ngati zabuluu zikusonyeza kuti mpweya sukukwanira m'magazi.

Nkhama zoyera mbee kapena zachikasu ndi nkhani ina, ndipo ndi yabwinoko, chifukwa kawirikawiri mlandu umakhala wa nkhupakupa osati wa mtima. Monga ng'ombe, galu naye ali ndi malungo ake a nkhupakupa amene amaswa magazi. Thupi limatentha, amakana chakudya, mkodzo umafiira kapena kuda, ndipo mtima umathamanga chifukwa magazi achepa. Galu wotere akalandira jekeseni msanga amachira n'kubwerera pantchito. Koma jekeseniyo abaye ndi a vetenale atamuyeza galuyo pasikelo. Berenil amene timabayira ng'ombe amagwiranso ntchito kwa galu, koma mlingo ukapitirira, kapena mukabwereza masiku oyandikana, amaononga ubongo ndipo galu amafa. Njoka zoyamwa magazi m'matumbo nazonso zimayeretsa nkhama, makamaka mwa ana agalu.

Palinso nyongolotsi ina yofiira imene anthu ambiri sanaimvepo, dzina lake Spirocerca lupi, yofala m'maiko otentha kuphatikizapo kum'mwera kwa Africa kuno. Galu amaitenga akadya zikumbu zija zogubuduza ndowe, kapena buluzi, chule ndi matumbo aawisi a nkhuku imene inadya zikumbuzo. Ana a nyongolotsiyi amaboola chifu n'kuyenda m'khoma la mtsempha waukulu wotuluka mumtima kwa miyezi ingapo asanakamange zotupa pakummero, ndipo m'mene adutsamo khomalo limatsala lofooka. Agalu ambiri amangobweza chakudya atangodya ndi kumaonda, ndipo oterewa a vetenale amatha kuwathandiza akawaona msanga. Koma mwa ena mtsemphawo umaphulika ndipo galu amafera pomwepo.

Izi ndinaziona ndi maso anga m'mudzi wina kumene ndinapita kukagula mbuzi. Galu wonenepa bwino anathamangitsa nkhumba yolowerera m'mawa, anabwerera pakhonde, n'kugwa osadzukanso. Mwini wake sanachedwe kuloza chala mnzake wa nyumba yoyandikana, amene sabata yapitayo anadandaula kuti galuyo akumudyera mazira. Mawu oti tameki anamveka mudzi wonse, ndipo nkhani inali itatsala pang'ono kupita kwa amfumu. Mwamwayi mlangizi wa ziweto wa deralo anali pa dibi tsiku limenelo, ndipo atafunsa mafunso n'kuona khadi la katemera anavomera kung'amba galuyo. M'chifuwa monse munali magazi okhaokha, ndipo pakummero panali zotupa ziwiri ngati mazira a nkhunda, m'kati mwake muli nyongolotsi zofiira zopotana. Mlangiziyo anawafotokozera kuti galu wodya tameki safa mwakachetechete chotero. Amatuluka dovu lambiri, amanjenjemera thupi lonse, amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo mwana wa diso amachepa ngati kadontho. Amuna awiriwo anapatsana moni madzulo ake, ngakhale ndinamva kuti akazi awo zinawatengera mwezi.

Mphaka ndi wovuta kuposa galu chifukwa amabisa matenda. Mwa amphaka vuto lofala ndi lakuti khoma la mtima limakhuthala mpaka chipinda cham'kati chimachepa, magazi osalowa okwanira. Kafukufuku wina wa ku England amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2015 anayeza amphaka 780 ooneka athanzi, ndipo anapeza kuti pafupifupi 15 mwa 100 alionse anali ndi vutoli. Ambiri amakhala nalo mpaka kukalamba popanda chovuta, koma ena limawagwetsa. Mphaka wodwala mtima kawirikawiri satsokomola ngati galu. Amangobisala, amasiya kudya, amapuma mofulumira. Mukaona mphaka akupuma kukamwa kuli yasa pamene sanathamange kapena kuopsezedwa, ameneyo ali pakati pa moyo ndi imfa. China chimene chimadabwitsa anthu ndi ichi: magazi amaundana mumtima, kachibulumwa kake kamachoka n'kukatseka mtsempha wopita ku miyendo yakumbuyo. Mphaka amene anali bwinobwino amayamba kulira mokweza akukwawa ndi miyendo yakutsogolo yokha. Pakhomo pamabuka mlandu woti ndani wamumenya ndi mtengo pamsana, ana amakwapulidwa osalakwa, ndipo ena amafika potchula za ufiti, poti mphaka kwathu kuno sachedwa kunamiziridwa. Gwirani mapazi akumbuyowo mosamala, chifukwa akumva ululu ndipo angakulumeni. Ngati ali ozizira ndipo kuphazi kwatuwa poyerekeza ndi akutsogolo, ndi magazi atseka, si ndodo.

Mtundu umodzi wa matenda a mtima wa mphaka umachokera m'mbale. M'chaka cha 1987 dokotala wa ziweto Paul Pion ndi anzake pa yunivesite ya California ku Davis, m'dziko la America, anapeza kuti amphaka ambiri amene mitima yawo inkafooka ankasowa chakudya china cha m'thupi chotchedwa taurine, ndipo atawapatsa mitima yawo inabwerera mwakale. Kuyambira pamenepo makampani opanga zakudya za amphaka anayamba kuthiramo taurine wokwanira ndipo matendawo anachepa kwambiri. Taurine amapezeka mu nyama ndi nsomba, m'chimanga mulibe. Thupi la galu limatha kudzipangira, la mphaka silipanga wokwanira. Choncho mphaka wa kunkhokwe amene amagwira mbewa ndi makoswe ali pabwino kuposa wotsekeredwa m'nyumba kapena m'sitolo n'kumangopatsidwa nkhoko za nsima ndi msuzi wa masamba. Ngati wanu sasaka, musamumane mitu ya usipa, matemba kapena zam'kati za nkhuku zophika. Kusowa taurine kumachititsanso khungu.

Mukaona zizindikiro zimene ndatchulazi, poyambira ndi kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, amene angasiyanitse malungo a nkhupakupa, njoka ndi mtima, n'kukuuzani ngati kuli kofunika kupita m'tauni. Ku Lilongwe kuli chipatala cha bungwe la LSPCA, limene linayamba m'chaka cha 2008, ku Blantyre kuli cha BSPCA, ndipo m'mizindayi mulinso madokotala a ziweto oima paokha. Dokotala amayamba ndi kumvetsera pachifuwa. Kachitseko kodontha kamatulutsa phokoso ngati la mpweya wothawa patayala, ndipo iwo amalipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 6 malinga ndi kukula kwake. Phokoso lokha si chiweruzo cha imfa, agalu ambiri amakhala nalo zaka asanadwale. X-ray imaonetsa ngati mtima wakula ndi ngati m'mapapo muli madzi, pamene sikani, yofanana ndi imene amayezera amayi oyembekezera, imaonetsa makoma ndi titseko tikugwira ntchito. Musaiwale kutenga kalendala ija. Ndipo chonde galu wabefu musamumange chingwe n'kumuthamangitsa pambuyo pa njinga. Muikeni m'dengu kapena m'ngolo, munyamuke kusanatenthe. Mphaka aikidwe m'katoni yoboola bwino, osati m'thumba la feteleza.

Ndinene mosabisa kuti kachitseko kotha kapena khoma lokhuthala sizichira ndi mankhwala. Mankhwala amangopeputsa katundu wa mtima ndi kutalikitsa masiku. Oyamba ndi furosemide, amene ambiri timawadziwa kuti Lasix, ochotsa madzi kudzera mu mkodzo. Galu amene usiku amabanika amatha kugona tulo patangopita maola ochepa atalandira. Amakodza pafupipafupi ndipo amamva ludzu, tsono madzi akumwa asachoke pafupi. Kumumana madzi poganiza kuti mukuchepetsa kutupa ndi kupha impso zake. Ena ndi pimobendan, olimbitsa kapopedwe ka mtima. Kafukufuku wa m'chaka cha 2016 pa agalu 360 a m'maiko 11 anaonetsa kuti agalu a mtima wokula amene anayamba kumwa mankhwalawa asanaonetse zizindikiro anachedwa ndi miyezi pafupifupi 15 kufika podzaza madzi poyerekeza ndi anzawo. Vuto lake ndi mtengo, poti amachokera kunja ndipo amamwedwa kawiri patsiku moyo wonse. Apa mlimi aliyense ayeze thumba lake, ndipo dokotala wabwino adzakuuzani chimene mungayambe nacho ngati simungathe zonse.

Chimene sindingavomereze ndi kutenga mapilitsi a BP a agogo kapena a m'golosale n'kumwetsa chiweto. Lasix wa anthu ndi yemweyo, koma mlingo umatengera kulemera kwa galu ndi mphamvu ya impso zake. Panado mmodzi yekha amatha kupha mphaka. Brufen ndi Indocid amayambitsa zilonda m'chifu cha galu ndi kuononga impso, makamaka akakumana ndi Lasix.

Zotsalazo ndi za pakhomo. Galu wodwala mtima apume pantchito ya uzimba ndi yothamangitsa anyani. Aziyenda pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo, akatopa aleke. Agone pamthunzi podutsa mphepo, osati womangidwa unyolo padzuwa, ndipo chingwe chisamuthine pakhosi. Mchere umasunga madzi m'thupi, choncho mupatulireni chakudya chake musanathire mchere mu ndiwo, ndipo nsomba zamchere monga bakayawo zisamuyandikire. Koma asafe ndi njala m'dzina la malamulo. Galu wotere amaonda msanga, ndiye dzira lophika, usipa ndi nyenyeswa za nyama n'zofunika. Musamulole kubereka kapena kukwera. Iyi ndi nthawinso yopezeratu kamwana ka galu koti kaphunzire pakhomo mkuluyo adakalipo.

Tsiku limafika pamene mankhwala sagwiranso, galu sangathe kugona pansi chifukwa chobanika, ndipo chakudya wasiya. Pamenepo a vetenale ali ndi jekeseni yomugoneka mosamva ululu, ndipo imeneyo ndi yabwino kuposa kumusiya abanike masiku atatu kuseri kwa khola kapena kukamutaya kuthengo ali moyo. Ngati wafa yekha mwadzidzidzi ndipo mukufuna kudziwa chamupha, itanani mlangizi tsiku lomwelo thupi lisanayambe kuola, musang'ambe nokha. Akakayikira chiwewe, iyeyo ndiye adzadule mutu n'kuutumiza ku labotale ya ziweto. Thupilo likwiriridwe m'dzenje lakuya mita imodzi kapena kuposa, kutali ndi chitsime, ndipo pamwamba muike miyala kuti agalu ena ndi afisi asafukule, makamaka ngati m'thupimo muli jekeseni ija kapena tameki, chifukwa chodya nyamayo nacho chikhoza kufa.